Kodi mkulu wa majaji amaikidwa ndi pulezidenti yekha?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mchinji. Loweruka lapitali tinatsutsana kwambiri pa bawo. Mnzanga wina akuti khothi lalikulu kuposa onse m'dziko muno ndi la Constitutional. Winanso akuti pulezidenti amangoloza munthu wa kumtima kwake kuti akhale mkulu wa majaji, akatopa naye n'kumuchotsa. Zoona zake ndi ziti? Ndikufuna ndikawauzenso ana anga a Sitandade 8 zolondola. (Mphunzitsi, Mchinji)

YANKHO: Aphunzitsi, anzanu onse awiri aphonya, ngakhale wachiwiriyo wakhudzako pang'ono.

Khothi lomaliza m'Malawi ndi Supreme Court of Appeal, lomwe lili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Mlandu ukathera kumeneko, kulibenso kwina kokachita apilo. La Constitutional lija si khothi loima palokha. Ndi High Court yomwe ija, kungoti mlandu ukakhudza kumasulira malamulo oyendetsera dziko, mkulu wa majaji amautsimikiza, kenaka umamvedwa ndi majaji osachepera atatu.

Mnzanu woyambayo sindikumudzudzula. Pa 3 February 2020 inenso ndinaswera pakhonde, wailesi ili pampando, nsima n'kuzizira m'mbale, kumvera majaji asanu akufafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Madzulo ake aliyense ankaona ngati pamwamba pa anthu amenewo palibenso wina. Koma a Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC anakachita apilo, ndipo amene anatseka nkhaniyo pa 8 May ndi majaji 7 a Supreme motsogozedwa ndi a Andrew Nyirenda, mkulu wa majaji pa nthawiyo. Majajiwo anagwirizana ndi chigamulo choti chisankho chichitikenso.

Mwaona nambala zimenezo? Sizinangochitika mwangozi. Gawo 105 la malamulo oyendetsera dziko limati khothi la Supreme likhale ndi mkulu wa majaji pamodzi ndi majaji ena a apilo osachepera atatu. Pomva mlandu amayenera kukhala atatu, asanu, 7, kumangopita choncho, kuti pasakhale kulepherana ngati asiyana maganizo.

Tsono za kasankhidwe. Gawo 111 limapatsadi pulezidenti mphamvu yosankha mkulu wa majaji, ndipo apa ndi pamene mnzanu wachiwiri wakhudza. Koma dzinalo limapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo munthuyo sakhala pampando pokhapokha aphungu magawo awiri mwa atatu a omwe alipo n'kuvota atamuvomereza. Mawu akuti "omwe alipo" musawadumphe pophunzitsa anawo. Phungu wanu akajomba tsiku limenelo, ndiye kuti dera lanu silinalankhulepo pa munthu amene adzatsogolere makhothi onse. A Anastasia Msosa, mayi woyamba kukhala pampandowu, anasankhidwa ndi a Joyce Banda mu 2013 n'kudutsa njira yomweyi. Ndi mayi omwe aja anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994.

Majaji enawo sadutsa kwa aphungu. Pulezidenti amawaika potsatira mayina omwe bungwe loona za ntchito ya majaji la Judicial Service Commission lamupatsa, ndipo loya sangakhale jaji asanakwanitse zaka 10 ali ndi chilolezo chogwira ntchito yake. Kunena mosabisa, ine apa ndi pamene mtima wanga umakhala m'mwamba. Za mkulu wa majaji timazimva pa wailesi aphungu akukambirana, koma enawa timangomva tsiku lolumbira, pomwe pogamula mlandu voti ya aliyense ndi imodzi, chimodzimodzi ya mkuluyo. Ndikanakonda anthu akanamafunsa kwambiri kuti mayinawo asefedwa bwanji.

Pa zochotsa ndiye mnzanuyo wasocheratu. Gawo 119 limalola kuchotsa jaji pa zifukwa ziwiri zokha: kulephera ntchito kapena khalidwe loipa. Nkhaniyo iyenera kukambidwa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu oposa theka la onse avomereze, ndiye pempho lipite kwa pulezidenti. Mu 2001 aphungu anayesa njira imeneyi pa majaji atatu a High Court, anthu anadandaula kwambiri m'dziko muno ndi kunja komwe, ndipo a Bakili Muluzi sanawachotse.

Chitsanzo chapafupi ndi cha June 2020. Kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho chobwereza chija chichitike, boma linalengeza kuti a Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma pantchito, ati chifukwa masiku awo atchuthi anaunjikana. High Court inapereka chiletso, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo yakuda, ndipo pambuyo pake khothi linagamula kuti boma linalibe mphamvu yochita zimenezo. A Nyirenda anagwirabe ntchito mpaka December 2021, pamene anakwanitsa zaka 65, msinkhu wopumira majaji pa nthawiyo. Kumayambiriro kwa 2022 a Lazarus Chakwera anasankha a Rizine Mzikamanda, ndipo nawonso anayamba adikira voti ya aphungu.