Khoma lang'ambika, pansi pakulira ngati ng'oma: yankho kwa bambo a ku Ulongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Akuti anamanga nyumba ya zipinda zinayi zaka zitatu zapitazo, chakumunsi kwa mudzi, pafupi ndi dambo. Tsopano khoma lakum'mawa lang'ambika kuyambira pangodya ya windo, mng'alu wake wopendekeka mpaka pansi. Pabalaza matailosi atatu atukuka, ndipo akagogoda pansipo pakulira ngati ng'oma. Mmisiri amene anamanga akuti simenti inali yachinyengo, angomata ndi ina yabwino. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndimate, kapena nyumba yanga ikugwa?"

Bambo, pepani kwambiri. Nyumba ngati imeneyi imadya ndalama za kachewere ndi chimanga za zaka zingapo, ndiye kuiona ikung'ambika kumasowetsa tulo. Koma musamate kaye. Mng'alu umenewo ndiye mboni yanu. Mukautseka lero, simudzadziwa ngati khoma laima kapena likuyendabe.

Za simenti yachinyengozo sindikuvomereza msanga. Simenti yoipa, kapena yochepa m'matope, imaonekera nyumba yonse. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa m'makoma onse anayi. Ngati paliponse pakuyoyoka ngati mchenga, pamenepo tingakambe za simenti. Koma ngati kwina konse n'kolimba ndipo ngodya imodzi yokha ndiyo yang'ambika, vuto lili pansi pa ngodyayo.

Mwati muli pafupi ndi dambo, ndipo mawu amenewa ndi amene andigwira mtima. Dothi lakuda lamakande mukulidziwa. Mu Okutobala limang'ambika mpaka munthu kupisamo dzanja, mvula ikagwa limatupa n'kumamatira kukhasu. Zimene limachita kudimba limachitanso pansi pa maziko anu. Kuyambira Novembala mpaka Marichi limamwa madzi n'kukankhira maziko m'mwamba, chilimwe limauma n'kufota, maziko n'kutsika. Pakati pa nyumba dothi silisintha kwambiri chifukwa laphimbika, koma m'mbali ndi m'ngodya ndimo mofika mvula ndi dzuwa. Mbali ina ikuyenda, ina yangokhala, ndipo khoma limathyokera pofooka, pangodya ya windo kapena ya chitseko.

Choyamba, uyang'anitsitseni mng'aluwo. Timing'alu tating'ono ngati ukonde wa kangaude n'tapulasitala chabe, sitiopsa. Wa maziko umayenda chopendekeka kapena ngati masitepe kutsata mizere ya njerwa, ndipo umaoneka kunja ndi m'kati momwe. Ukakhala wotakata kumwamba n'kumachepa kumunsi, kawirikawiri ndiye kuti ngodyayo ikutsika. Onaninso ngati chitseko chapafupi chayamba kuvuta kutseka.

Kenako tengani pensulo ndi rula ya mwana wasukulu. Lembani kamzere pamene mng'alu wathera, kumwamba ndi kumunsi, mulembenso deti pakhoma pomwepo. Yezani kutakata kwake m'mamilimita pamalo awiri kapena atatu, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse. Ngati ukutsekeka m'dzinja n'kutsegukanso m'chilimwe, ndi makande amenewo. Ngati ukungokula osasamala nyengo, ndiye kuti maziko anakhala pa dothi lothira kapena madzi akukokolola pansi. Ukapitirira mamilimita 5, itanani injiniya adzaone, osati mmisiri yemwe uja yekha. Ukafika 15, kapena khoma likayamba kupendama, ana asagonenso m'chipinda chimenecho.

Tsopano zungulirani nyumba mukufufuza madzi. Pamenepa ndimaumirira kwambiri chifukwa cha zimene ndinaona kwa mlongo wanga kufupi ndi Zóbuè. Anamata mng'alu umodzi katatu, chaka chilichonse ukubwerera pomwepo. Tsiku lina tinakumba kadzenje pambali pa ngodyayo. Unali mwezi wa Seputembala, kulikonse kuli gwaa, koma ife tinatulutsa matope onunkhira sopo. Kangalande ka madzi a kubafa kamadutsa mphepete mwa maziko, ndipo kwa zaka zonsezo ngodyayo imamwa madzi m'mawa ndi madzulo. Mlongo wanga anangogwira pakamwa. Tinapatutsa ngalandeyo, tinadikira chaka chathunthu, ndiye n'kumata.

Inunso kumbani kadzenje kotero, kakang'ono, nyengo youma, ndipo mukwirire tsiku lomwelo. Kadzakuonetsani kuya kwa maziko ndi mtundu wa dothi limene akhalapo. Amisiri ambiri, mapedreiro monga timawatchulira kuno, amakumba kulekeza m'mawondo paliponse, kaya ndi pa katondo kaya pa makande. Pa makande pamafunika kutsika mita imodzi kapena kupitirira, kufika pamene chinyezi sichisinthasintha, ndiponso zitsulo m'maziko ndi lamba wa konkire pamwamba pa mawindo. Onaninso pamene madzi a malata amagwera. Ngati akumba kamsewu m'mbali mwa khoma, akulowa pansi pa nyumba. Mtengo wa bulugamu kapena wa mango ukakhala pafupi, mizu yake imayamwa chinyezi mbali imodzi yokha, dothi n'kufota mbali yomweyo.

Za pabalaza zitha kukhala nkhani ina payokha. Tengani mpini wa khasu, mugogode pansi ponse, ndipo polira ngati ng'oma muzungulize ndi choko. Kenako chotsani tailosi imodzi mwa zotukukazo. Ngati konkire yapansi ili bwinobwino, wolakwa ndi woyala matailosi. Mwina anaika matope m'ngodya zinayi zokha m'malo mopaka ponse, kapena anawapanikiza mpaka kukhoma osasiya kampata. Matailosi amafutukuka kukatentha, ndipo akasowa kopita amadumpha. Anzathu a mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, zimenezi amazidziwa bwino.

Koma ngati konkireyo yang'ambika ndipo pansi pake pali mphako, ndiye kuti dothi lothira m'kati mwa maziko latsika. Limayenera kuthiridwa pang'onopang'ono, masentimita 15 okha, kuwaza madzi, kusinja mpaka kulimba, ndiye kuthiranso. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti anyamata aganyu amakhuthula mawilibala tsiku limodzi, dothi lapamwamba la udzu ndi mizu lomwe, mawa lake konkire pamwamba. Udzu ukaola, dothi limatitimira. Chiswe nachonso chimafukula njira zake mmenemo, makamaka ngati pamalopo panali chulu. Pamenepo palibe kuchitira mwina koma kuswa gawo limenelo, kuthira dothi labwino, kusinja, kuyala pulasitiki wakuda, n'kuthira konkire yatsopano. Muziithirira madzi masiku 7 osadumpha.

Owerenga a ku Moatize, amene mumadandaula za kuphulitsa miyala kumigodi ya malasha, njira ya pensulo ndi deti ija ikuthandizani inunso. Jambulani ndi foni mwezi ndi mwezi, rula ili pamng'alu.

Bambo, chimene mungayambe mvula isanagwe ndi ichi: ikani magatala kumalata, madzi ake akagwere kutali, ndipo mangani kakhonde ka konkire kuzungulira nyumba, kotakata mita imodzi, kotsetserekera kunja. Ngati injiniya adzanene kuti maziko awonjezeredwe pansi, musalole aliyense kukumba khoma lonse nthawi imodzi. Amakumba pafupifupi mita imodzi, kuthira konkire, kudikira ilimbe, ndiye kupita pena.

Munditumizire zithunzi ziwiri, cha mng'alu muli ndi rula pamenepo, ndi cha dothi limene mutulutse m'kadzenje kaja. Mundiuzenso kuti bafa lanu lili mbali iti.