Mwana wanga akuti vape si fodya

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene anapeza kachipangizo konga cholembera m'chikwama cha mwana wawo wazaka 16. Atamufunsa, mnyamatayo anati ndi vape, ndudu yoyendera batire, ndipo anawonjezera kuti: "Ndi nthunzi chabe iyi. Bwanji simuletsa adadi amene amasuta fodya weniweni?" Mayiwo akufuna kudziwa ngati mwanayo akunena zoona, komanso ngati amuna awo angachite bwino kusiya ndudu n'kuyamba vape.

Mayi, ndiyambe ndi bambo, chifukwa pa iwowo mwana wanu sanalakwitse kwenikweni. Chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi wa fodya wopsa. Utsiwo uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Vape siwotcha fodya, imangotenthetsa madzi a nikotini, mankhwala a mu fodya amene amayambitsa chibaba. Amene anapanga vape yamakono mu 2003, Hon Lik wa ku China, anali wosuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Choncho munthu wamkulu amene wayesa kangapo kusiya koma chibaba chikumugonjetsa amachepetsa ngozi akasintha. Koma ayenera kusiyiratu nduduyo. Kusuta vape kuntchito, ndudu madzulo kunyumba, n'kungodzinamiza.

Akuluakulu akusiyadi fodya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2000 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi ankagwiritsa ntchito fodya, koma pofika 2022 anali mmodzi mwa asanu.

Tsono za mwana wanu ndi zina, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Iyeyu sankasuta chilichonse. Vape sikumupulumutsa ku ndudu, ikungomulowetsa m'goli limene bambo ake akulimbana nalo zaka zonsezi. Chimene akuchitcha nthunzi chili ndi nikotini, ndipo ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Nikotini akafika mu ubongo wanthete amagwira msanga, ndipo angasokoneze kumvetsera m'kalasi ndi kudziletsa.

Taonani zimene zinachitika ku America. Vape yotchedwa Juul inatuluka mu 2015, yaing'ono ngati flash, yonunkhira zipatso ndi zina zotsekemera. Nikotini wake anakonzedwa kuti asamakande pakhosi, moti mwana woyamba kumene ankakoka osatsokomola n'komwe, pamene kabotolo kamodzi kanali ndi nikotini wofanana ndi paketi yonse ya ndudu. Pofika 2019, ana 27.5 pa 100 alionse a m'masukulu a sekondale kumeneko ankasuta vape. Chiwerengerocho chinatsika kufika pa 7.8 mu 2024, malamulo atakhwima. Ku Britain nako analetsa vape zotaya ukamaliza kuyambira pa 1 June 2025, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali ana omwewa. Ine sindikhulupirira kuti fungo la maswiti analipangira abambo azaka 50.

Musayambe ndi kukalipa, Mayi, chifukwa vape siisiya fungo la fodya m'zovala ndipo akhoza kukubisirani kwa zaka. Khalani naye pansi mumufunse kuti anayamba liti, ndiponso akadzuka m'mawa pamatenga nthawi yotani asanaifunefune. Ngati amaigwira asanasambe n'komwe, kapena amapsa mtima ndi kusowa tulo ikamuthera, chibaba chamugwira kale ndipo mupite naye kwa dokotala. Ngati bambo angalole, apite limodzi. Mwanayo wawatchula kale dzina, ndipo akuyang'ana kuti iwo achita chiyani.