Khansa sikuonekanso, nanga mapiritsi a zaka ziwiri ndi achiyani?

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo anaikidwa ma stem cell (maselo amene amapanga magazi) a mchimwene wawo chifukwa cha khansa ya m'magazi ya AML. Khansayo sikuonekanso, koma madokotala akuti amwebe mapiritsi kwa zaka ziwiri. Akufunsa ngati uku si kungowazunza.

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa mawu oti "sikuonekanso" agonetsa tulo mabanja ambiri. Mwa odwala AML amene aikidwa maselo a munthu wina, pafupifupi mmodzi mwa atatu khansa imawabwerera, makamaka m'chaka choyamba. Timaselo ta khansa tochepa kwambiri timatha kubisala m'mafuta a m'mafupa, toti maikulosikopu sangatione. Madokotala amatitcha MRD.

Ngati khansa ya amuna anu inali ndi vuto la FLT3-ITD (kusintha kwa jini ina m'maselo a khansa), mapiritsiwo ali ndi maziko. Kafukufuku wa SORMAIN wa ku Germany ndi Austria, wa odwala 83, anapeza kuti patatha zaka ziwiri 85 peresenti ya omwa sorafenib anali moyo khansa isanabwerere, pomwe mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala anali 53 peresenti. Wa MORPHO, wa odwala 356, anayesa gilteritinib, mamiligalamu 120 tsiku lililonse. Onse atawaphatikiza pamodzi kusiyana ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala sikunakwane mlingo umene ofufuza anaika, koma amene anali ndi MRD anathandizikadi.

Ine pamenepa sindisuntha: kupatsa aliyense mankhwala osayeza MRD n'kulakwa. Mankhwala ena, azacitidine, anayesedwa mwa odwala 187 ku MD Anderson ku Houston, osasiyanitsa ndi MRD, ndipo sanaletse khansa kubwerera. Komanso mankhwalawa si maswiti. Sorafenib amasupula khungu la m'manja ndi kumapazi mpaka munthu kulephera kuvala nsapato, amatsegulanso m'mimba. Gilteritinib amatsitsa maselo a magazi, ndipo akakumana ndi posaconazole, mankhwala oteteza ku mafangasi, amachuluka m'thupi, ndiye mtima umafunika kuuyeza ndi ECG.

Zoti mufunse

Afunseni adokotala ngati FLT3-ITD inalipo, ngati MRD anaiyeza asanaike maselo ndi pambuyo pake, komanso zotsatira za chimerism, zimene zimaonetsa kuchuluka kwa maselo a mlamu wanu m'magazi a amuna anu. Amuna anu akayamba totupa pakhungu kapena kutsegula m'mimba, imbani foni kuchipatala tsiku lomwelo, asasiye okha mapiritsi, chifukwa mwina ndi maselo atsopanowo akulimbana ndi thupi.