Kulira kasanu pa HP Compaq ndi RAM, musalole akuuzeni kuti motherboard yapsa

Achimwene imani kaye musapite nayo kulikonse kompyutayo, ndangoona zimene mwalemba muno zoti ikulira kasanu skirini ili bii mtima wanga wachita kuwawa chifukwa ine zimenezi zinandidyera ndalama. Yanga inali HP Compaq yakaunjika, ndimalembera anthu makalata ndi ma CV pa kashopu kanga ku Ulongué. Tsiku limenelo kunali mzere, anyamata akufuna mapepala okafunsira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndiye panalinso mayi wina amene kalata yake ya kusukulu ya mwana ndinali nditalemba kale ili momwemo kungotsala kupulinta. Magetsi anangothima n'kubweranso. Ndikadina batani fani ikuzungulira bwinobwino koma pa skirini palibe kanthu, kenako pii pii pii pii pii, kagetsi kakutsogolo kakuphethira kofiira, kupuma pang'ono n'kuyambiranso. Kuzimitsa, kuyatsa, kusintha chingwe cha monita, thukuta lili kamukamu, anyamata aja ayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita kwa mnzanga wa tsidya la msewu ndalama zanga zikuyenda ndikuziona. Mayi uja sanachoke, anangokhala pa benchi mwana kumbuyo n'kumati bambo mawatu ndi tsiku lomaliza, bambo mawatu ndi tsiku lomaliza, ine pakamwa gwaa.

Ndinainyamula pa chapa (minibasi) mpaka mu Tete, bokosi lili pamiyendo njira yonse, kutentha kwa kumeneko mukukudziwa. Tekinishani wa kumeneko sanamvetsere n'komwe kuliraku, anangoyatsa n'kuzimitsa pompo akuti motherboard (chithabwa chachikulu chamkati chimene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) yapsa madala, isiyeni. Ndinalipira ya motherboard yonse ndi ya ntchito pamwamba. Inabwera ikuyaka, ndinathokoza ndithu. Itadzaliranso nthawi ya fumbi ija ya mu Okutobala anaitsegula ndi mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira zamakompyuta, kupeza motherboard ndi yomwe ija yakale, fumbi lakumakona silinakhudzidwe n'komwe, koma RAM yanga (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) inali timitengo tiwiri ta 2GB tsopano katsala kamodzi. Tekinishani uja anangozula RAM n'kubwezeretsa, kenako kamodzi n'kuika m'thumba. Wakuba weniweni ameneyo, ndipo ambiri a iwo mawu amene amadziwa ndi amodzi okha akuti yapsa, chifukwa akudziwa kuti ife a kuno ku Angónia sitingabwererenso kukakangana, ya chapa yokha ikutigwetsa ulesi.

Kulirako si phokoso wamba. Kompyuta ikamayaka imayamba yadziyesa yokha, amati POST, ndiye ikapeza vuto isanathe kulemba pa skirini imanena ndi kulira. Koma chilankhulo chake chimasiyana ndi kampani komanso BIOS (kapulogalamu kamkati kamene kamayambitsa kompyuta), apa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Kasanu pa ma HP Compaq akuofesi aja ndi RAM, ka 6 ndi mbali ya zithunzi, kawiri ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yatentha kwambiri, kanayi ndi za magetsi. Kasanu komweko pa Dell Inspiron ndi kabatire kaja kangati kandalama kachitsulo, CR2032 ka 3 volts, pomwe RAM pa Dell imeneyo imalira kawiri kapena kanayi. Pa BIOS yakale ya kampani ya AMI kasanu ndi purosesa. BIOS ya Award ikalira kamodzi kotalika ndi kawiri kofupika yang'anani khadi la zithunzi. Ya Phoenix ndiye imalira m'magulumagulu n'kumapuma pakati, mumafunika cholembera. Kamodzi kofupika skirini n'kuyaka ndiye kuti zonse zili bwino, ndipo zina sizilira n'komwe chifukwa mulibe kasipika mkati, musaganize kuti yafa.

Ngati yanu ndi HP ngati yanga, zulani chingwe ku khoma, dinani batani kwa kanthawi magetsi otsala athe, gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze kanthu, kankhirani kunja timano tam'mbali RAM idzatuluka yokha. Pukutani mbali yagolide ija ndi labala yofufutira pensulo, chotsani fumbi m'kanjira kake, bwezeretsani mpaka imveke kuti thaa mbali zonse. Ngati muli timitengo tiwiri yesani kamodzikamodzi. Mwana wa mlongo wanga uja anachita zimenezo ine tiyi wanga asanazizire ndipo inayaka.

Komabe ngati simunatsegulepo kompyuta chibadwire ine ndingati musayambire pamenepa, RAM ikalowa mokakamiza chotembenuza mumathyola kanjirako ndiye motherboard yapsadi zenizeni, bola mupite nayo kwa tekinishani, alipo ena abwino. Kungoti musaisiye, khalani pomwepo ngakhale akuuzeni kuti mubwere mawa, jambulani zamkati ndi foni asanakhudze, ndipo chilichonse chimene akuti chafa akupatseni m'manja mubwere nacho kunyumba. Tiuzeni kaye dzina ndi nambala yolembedwa pa bokosilo, mujambulenso kuliraku muponye muno tiwerenge limodzi, chifukwa ngati ndi Dell Inspiron zonse za RAM ndalembazi zisiyeni, mungogula kabatire.