Yankho la amalume pa gulupu ya banja

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndinali pa msewu kuchokera ku Lizulu, ndiye ndinati ndiyankhe ndikakhala pansi. Wati chikukwezere pa udindo paja tsiku silikukukwanira, ukuweruka kunja kuli bii koma ntchito yeniyeni osaikhudza, ndiye ukufunsa kuti ine ndimatani.

Ine pano pa Dedza ndimalowa mu ofesi 6 koloko, ngakhale mu June muja kukuzizira chonchija. Mpaka 8 koloko foni imakhala m'dirowa. Maola awiri amenewo ndi a zinthu zimene palibe wina angandichitire: kuona ndalama zimene zalowa, amene sanabweze ngongole, kuganiza ngati kachewere wa ku Bembeke tigule sabata ino kapena tidikire kaye. Anthu akangoyamba kugogoda, basi mutu si wakonso.

Koma mvetsetsa apa, chifukwa ndikuona ngati vuto lako ndi lomwe linali langa. Ndinkakana kukhulupirira anthu. Thumba lililonse ndinkafuna ndilione ndekha pa sikelo, makiyi a sitolo m'thumba mwanga. Tsiku lina lole inaima panja kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko, anyamata onyamula atangokhala pa khonde, chifukwa ine ndinali pa mzere ku banki, makiyi ndili nawo. Wogula uja anatopa, anakakweza katundu kwina. Zinandipweteka kwambiri. Mawa lake ndinaitana woyang'anira sitolo, ndinamupatsa makiyi ndi malire ake: ndalama zikafika pakuti undifunse, zochepera apo gamula wekha. Lachisanu lililonse timakhala pansi ndi buku. Wako amene udzamupatse ntchito naye adzalakwitsa, mwina kawiri katatu. Umukonze, koma ntchitoyo usamulande.

Misonkhano, usalowe usanadziwe chimene mukukagamula. Za ku Lilongwe uziunjike, upite tsiku limodzi, osati lero banki mawa msonkhano.

Masiku a msonkho usawasunge m'mutu. PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito uja, imafunika ku MRA pofika pa 14 mwezi uliwonse, VAT pa 25. Ine pa kalendala ndinalemba pa 10 ndi pa 20, chifukwa tsiku lomaliza ndi lomwe magetsi amazima, netiweki n'kuvuta.

China, kwathu kuno zovuta sizipangana. Uthenga wa maliro ukabwera kumudzi supita ndi kalendala, umangonyamuka, ndipo uyenera kupita. N'chifukwa chake ine Lachinayi masana sindiikapo kanthu. Zimene zatsalira m'sabatamo zimagwera pamenepo.

Ndiye tachita izi. Kuyambira Lolemba, tenga kope uzilemba chilichonse chimene wachita ndi nthawi yake, ngakhale foni ya mphindi zisanu. Loweruka undijambulire unditumizire kumbali, osati pa gulupu pano, tione limodzi zimene ungapatse ena. Uwapatse moni mayi ako, uwauze mbatata yawo ndiwatumizira pa minibasi mawa.