Adokotala andiletsa zakudya za tirigu, nanga ndizidya chiyani?

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuvutika ndi kutsegula m'mimba, kudzimbidwa komanso kuchepa kwa magazi. Mwezi watha adokotala atandiyeza anandiuza kuti thupi langa limadana ndi gluten, choncho ndisiyiretu zakudya za tirigu. Kwathu tinazolowera kumwera tiyi buledi kapena mandasi, ndipo panopa ndikuopa ngakhale kudya kwa abale. Ndiyambire pati?

YANKHO: Mayi, pepani ndi mavuto amene mwadutsamo. Choyamba, mtima ukhale m'malo, chifukwa chakudya chimene ife timadalira tsiku ndi tsiku mulibe gluten. Gluten ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa rye, koma mu chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere mulibe. Nsima yanu ya ufa woyera kapena mgaiwa, kondowole, mpunga wa Kilombero, nyemba, usipa, nyama, mazira ndi masamba otendera, zonsezi mudye monga kale.

Mukapitanso kuchipatala, funsani kuti akuuzeni dzina lenileni la vuto lanu, pakuti mavutowa alipo angapo ndipo anthu amawasokoneza. Pa matenda a coeliac, gluten amachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chiziwononga mkati mwa matumbo aang'ono, ndiye chakudya sichilowa bwino m'thupi, n'chifukwa chake magazi amachepa. Munthu wotere amasiya gluten moyo wake wonse, ngakhale atayamba kupeza bwino. Vuto lina ndi lakuti thupi limadana ndi tirigu yekha, ndipo zizindikiro zake, monga zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kubanika, zimabwera msanga munthu akangodya. Kubanika kukachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pamene ndikufuna musamale kwambiri ndi pa tirigu wobisika. Buledi, masikono, mandasi, samusa ndi sipageti n'zodziwikiratu, koma ufa wa tirigu umaikidwanso m'masoseji ambiri, m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi ndi m'maheu ena. Chigumu ndi zitumbuwa zimapangidwa ndi ufa wa chimanga, komabe ogulitsa ena amasakanizako ufa wa tirigu kuti zifewe, choncho funsani musanagule. Tchipisi cha pachiwaya chimene chakazingidwa m'mafuta omwe akazingiramo samusa kapena mandasi chisiyeni. Zolemba za papaketi muziwerenga nthawi zonse, ndipo mukaona mawu akuti wheat (tirigu), barley (balere) kapena malt (chimera cha balere), bwezerani pashelefu. Malamulo a zakudya amene mayiko ambiri amatsatira amalola kulemba papaketi mawu akuti gluten-free, kutanthauza chopanda gluten, pokhapokha gluten asapose mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, zimene zikusonyeza kuti nyenyeswa chabe n'zokwanira kudwalitsa munthu. Kunyumba khalani ndi sefa ndi mthiko zanuzanu, komanso majalini anu amene sakhudzidwa ndi mpeni wodulira buledi wa ana.

Za tiyi wa m'mawa, mbatata yophika, chinangwa, nthochi zowiritsa kapena phala lothira nsinjiro zimakhutitsa kuposa buledi, ndipo thobwa la chimera cha mawere kapena mapira lilibe vuto. Mukafuna kuphika keke, dziwani kuti gluten ndi amene amamata ufa kuti utambasuke ndi kufufuma, ndiye ufa wopanda gluten umakonda kuyoyoka. Sakanizani ufa wa mpunga ndi wa chinangwa, muwonjezere mazira ndi nthochi zakupsa kuti zigwirane, ndipo yambani ndi pang'ono mpaka dzanja lizolowere.

Nkhani ya kwa abale ndi yovutadi, chifukwa pachikhalidwe chathu kukana chakudya kumaoneka ngati mwano. Ine ndikuona kuti n'kwabwino kuwauziratu musanafike, momveka bwino, kuti "adokotala anandiletsa chilichonse cha ufa wa tirigu, koma nsima ndi ndiwo ndimadya," m'malo mongodya mwamanyazi kenako n'kukadwala kunyumba. Ngati mumalandira Mgonero kapena Ukaristia, kambiranani ndi abusa kapena ansembe anu, popeza mkate wake ndi wa tirigu. Ndipo zikatsimikizika kuti ndi coeliac, funsani adokotala za kuyezetsa ana anu atatuwo, chifukwa matendawa amatha kukhala akumtundu, koma musawasiyitse tirigu asanayezedwe, kuopa kuti zotsatira zingalakwike.