Bwanji Mr Ibu anafika popempha ndalama za chipatala?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndasiya malonje, funso lawo ndi ili: "Achimwene, ine mutu sukundigwira. Munthu ngati Mr Ibu, amene anaseketsa Africa yonse, zinatheka bwanji kuti afike popempha ndalama za chipatala pa intaneti? Kodi anthu a mafilimuwa amangodya ndalama mosaganiza za mawa, kapena alipo amene amawadyera masuku pamutu?"

Mayi, zikomo pondilembera. Zonse ziwiri mwatchulazo zimachitika, koma ine ndikuona kuti gwero lili pena: pa nkhani ya filimu, ndalama imatsata mwini wake wa filimuyo, osati nkhope imene ili pachikuto.

Tiyambe ndi malemuwo. Dzina lawo lenileni linali John Okafor, anabadwa mu 1961 m'chigawo cha Enugu ku Nigeria. Dzina loti Mr Ibu linawakanirira chifukwa cha filimu ya mu 2004 ya dzina lomwelo, ija ankakokanakokana ndi Osita Iheme ngati bambo ndi mwana wake. Mu October 2023 panatuluka vidiyo ali gone pabedi la chipatala, akupempha mapemphero ndi thandizo chifukwa madokotala ankanena zodula mwendo. Mwezi wotsatirawo mwendowo unadulidwadi, ndipo pa 2 March 2024 anatisiya ali ku Lagos, ali ndi zaka 62. Misozi isanaume, pa 24 March, anamwaliranso Amaechi Muonagor, amene ambiri timawakumbukira ngati bambo wa ana osamva aja mu filimu ya Aki na Ukwa. Nawonso anali atapempha thandizo pa vidiyo, iwo vuto linali impso.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa mmene mafilimu a ku Nigeria ankapangidwira nthawi imene anthuwa anali pachimake. Malonda amenewa anakula kuchokera pa Living in Bondage, filimu ya chilankhulo cha Igbo ya mu 1992, imene wamalonda wina dzina lake Kenneth Nnebue anaitulutsa pa matepi a VHS. Kuyambira pamenepo, amene ankagwira chikwama sanali boma kapena makampani akuluakulu ayi, koma amalonda a mumsika: a ku Idumota ku Lagos ndi a mumsewu wa Upper Iweka ku Onitsha. Mukakumbukira zolengeza zaphokoso zija zinkayamba filimu isanayambe, maina a malo amenewa ndi omwe ankatchulidwa. Wamalonda ankapereka ndalama, filimu n'kujambulidwa masiku ochepa chabe, wosewera n'kulandira yake kamodzi basi, zatha. Filimu igulidwe makope ochepa kapena ifike dziko lililonse la mu Africa, iye sankaonanso kanthu. Ichi n'chifukwa chake munkaona nkhope imodzimodzi m'mafilimu osawerengeka: kunali kugwira ganyu, ukapuma ndiye kuti poto wapumanso.

Mphamvu za amalondawa zinaoneka poyera mu 2004, pamene anagwirizana zoletsa akatswiri angapo, kuphatikizapo Genevieve Nnaji, Omotola Jalade-Ekeinde ndi Ramsey Nouah, kuti asapatsidwe ntchito, ati chifukwa ankatchaja ndalama zambiri. Tangoganizani, anthu amene maina awo ndiwo ankagulitsa katundu, kukhala pakhomo pafupifupi chaka chifukwa chofunsa mtengo wa thukuta lawo. Koma nawonso amalondawo ankalira ndi anzawo okopera mafilimu mwakuba, makamaka a pamsika wa Alaba ku Lagos komweko, kumene filimu inkatuluka lero, mawa ili mbwee pamtengo wolira.

Apa ndiye tikulowapo ife. Ine mafilimu a Mr Ibu ndinawaonera muvidiyo sho, tili pabenchi, chitseko chili chinsalu, titalipira tindalama tachitsulo pakhomo. Kenako kunabwera ma CD a mafilimu asanu kapena khumi pachimbale chimodzi, kenako anyamata obena mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi, ena atawaikamo kale mawu a Chichewa. Sindikunyoza anyamata amenewa, ndi ntchito imene ikuwadyetsa, ndipo ena amamasulira mokoma kuposa eni filimu. Koma tinene chilungamo: pa ndalama zonse zimene ine ndi inu tinalipirapo kuti tiseke, palibe ngakhale tambala imene inakafika ku Enugu. Ngakhale kuno kwathu, Izeki ndi Jakobo onse anapita, a John Nyanga mu 2016 ndipo a Eric Mabedi mu 2021. Masewero awo ali m'mafoni ambirimbiri. Ndi angati mwa ife anagulako chimbale chenicheni?

Nkhaniyi siinayambe ndi Nigeria. Mukukumbukira bambo uja anagweredwa botolo la Coca-Cola mu The Gods Must Be Crazy? Anali N!xau, wa mtundu wa San wa ku Namibia, ndipo filimuyo anaipanga Jamie Uys wa ku South Africa mu 1980. Inapanga mamiliyoni ambiri a madola padziko lonse, koma zimene zakhala zikulembedwa n'zakuti mwini nkhope analandira madola mazana ochepa okha. Pofika pa filimu yachiwiri ya mu 1989 anali atachangamuka, anakambirana mtengo wooneka, ndipo pambuyo pake anakaseweranso m'mafilimu a ku Hong Kong. Atatopa nazo anabwerera kwawo ku Tsumkwe, n'kumalima ndi kuweta ng'ombe, mpaka anamwalira mu 2003 atavutika ndi TB. Ine N!xau sindimuwerengera m'gulu la omvetsa chisoni kwambiri. Anazindikira msanga kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatenga zake n'kubwerera kumudzi.

Mwina mufunsa kuti nanga ku America bwanji sitimva zoterezi? Kumeneko kuli dongosolo lakuti filimu ikaonetsedwanso pa TV kapena ikagulitsidwa mwa njira ina, wosewera amalandirako kangachepe, ngakhale patapita zaka. Sizinabwere mwa chifundo cha mabwana ayi. Zinabwera ndi sitiraka ya mu 1960, pamene bungwe la osewera la Screen Actors Guild linkatsogozedwa ndi Ronald Reagan, yemwe uja anadzakhala pulezidenti. Sitiraka yomweyo ndi imene inabweretsa thumba la penshoni ndi la chipatala. Ndipo nkhondoyo siinathe: mu 2023 ananyanyalanso ntchito masiku 118, nkhani ina yaikulu ili ya malipiro a mafilimu oonetsedwa pa intaneti. Pa nthawiyo zinamveka kuti membala ankayenera kupeza madola opitirira 26,000 pachaka kuti alowe pa inshuwalansi ya chipatala ya bungwelo, ndipo ambiri sankafikapo. Choncho ngakhale kumeneko, amene mumawaona pa kapeti yofiira ndi ochepa, gulu lalikulu limakhalira kusakasaka.

Tsopano ku mbali ina ya funso lanu, yoti kodi samadya okha ndalama. Alipo otero, monga alili pakati pa aphunzitsi, madalaivala ndi abusa. Komanso kutchuka kuli ndi msonkho wake. Munthu wodziwika sangakwere minibasi osanenedwa, maliro alionse a pamudzi amayang'ana iye, fizi ya ana a achibale ili pamutu pake. Koma ndikukana kunena kuti aliyense wopempha thandizo anali wosakaza. Mr Ibu sanali mmphawi pa moyo wake wonse. Chimene anthu sitifuna kuvomereza n'chakuti matenda a nthawi yaitali amatha chuma cha munthu wamba aliyense. Wodwala impso amafunika kukatsukidwa magazi pa makina kawiri kapena katatu pa sabata, mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi yonseyo sakugwira ntchito. Wa pantchito yolembedwa amakhala ndi tchuthi cha odwala, mwina ndi sikimu ya chipatala. Wa ganyu alibe. Ndiye ngati Mr Ibu anachita maopaleshoni angapo asanadulidwe mwendo, mukuganiza kuti ndi nyumba zingati zimene zikanapirira?

Pali anthu ena amene simunawafunse koma ndiwatchule. Pa 10 April 2024, mwezi umodzi chichokereni Mr Ibu, bwato linagubuduzika pamtsinje wa Niger litanyamula anthu ogwira ntchito yojambula filimu. Dziko lonse linalira Junior Pope, wosewera wachinyamata amene anamira pamenepo. Koma sanafe yekha. Anafa pamodzi ndi anzake ogwira ntchito kuseri kwa kamera, ena ojambula mawu, ena odzoza osewera zodzoladzola, ndipo m'bwatomo anthu ambiri analibe majekete oyandamitsa. Ngati wa nkhope yodziwika amafika popempha, ganizirani wonyamula magetsi amene dzina lake limadutsa kumapeto kwa filimu ife titaimirira kale. Ameneyo ngakhale atajambula vidiyo ali m'chipatala, palibe angaigawane.

Zinthu zikusinthako, ndisakunamizeni. Osewera a masiku ano aphunzira kukhala eni ake a ntchito yawo. Funke Akindele amapanga yekha mafilimu ake, ndipo A Tribe Called Judah, imene inatuluka kumapeto kwa 2023, inakhala filimu yoyamba ya ku Nigeria kupyola 1 biliyoni naira m'nyumba zoonetsera mafilimu. Ena atsegula matchanelo awoawo pa YouTube, ndalama ikulowa m'thumba mwawo. Koma m'badwo wa a Okafor ndi a Muonagor unagulitsa ntchito yake kalekale, pamtengo wa tsiku limenelo. Mafilimu awo akale mukawapeza pa YouTube usiku uno, mayi, onerani ndithu, museke. Kungoti malonda aja amadula filimu pakati akulipira amene anaiika pamenepo.